Kalata kwa achimwene ku Johannesburg: za kuthokoza osunga mbiri ya kwathu

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno anthu ali kalikiliki kukolola. Uthenga wanu ndaumva, woti inu ndi anzanu a kwathu mwasonkherana ndalama kuti muthokoze akuluakulu amene asunga mbiri ya mudzi wathu. Ganizolo ndi labwino, koma musathamangire kusindikiza masatifiketi ndi kugula mbuzi. Satifiketi imapachikidwa pakhoma, chiswe n'kuidya, ndipo agogo akatsikira kulichete mbiri ija amapita nayo. Ayambe ajambulidwa mawu, mwambo wowathokoza ubwere pambuyo.

Muyambire kwa amfumu. Mukawalambalala, ena adzati mukufufuza za ufumu kapena za malire a minda, ndipo pakamwa pa aliyense padzatsekeka. Koma mayina onse asachokere kwa amfumu okha, chifukwa angakupatseni abale awo okhaokha. Funsaninso kumpingo, kumzikiti, kwa aphunzitsi opuma ndi kwa anamkungwi. Musaiwale kuti kwathu mtundu timawerengera kuchikazi. Amene amadziwa kuti mbumba yakutiyakuti idachokera kuti, adabala ndani, adaikidwa pati, kawirikawiri ndi agogo aakazi, osati abambo amene amalankhula kwambiri pabwalo. Anthu 8 kapena 10 akwana chaka choyamba.

Nthawi yake ndi kuyambira Juni mpaka Seputembala, anthu atakolola. M'dzinja aliyense ali kumunda, ndiponso mvula ikamagwa pamalata simumva kanthu m'mawu ojambulidwawo.

Foni wamba ikwana. Wojambulayo aitchaje idzaze, aiike pa airplane mode kuti wina akaimba isadule, ndipo aikhazike pampando poyala kansalu, pafupi ngati kutalika kwa mkono kuchokera pakamwa pa wolankhula. Akaigwira m'manja mumamveka phokoso la zala. Akhale kuseri kwa nyumba kopanda mphepo, kutali ndi chigayo ndi atambala. Asanafunse chilichonse atchule tsiku, mudzi, dzina la wolankhula ndi chiwongo chake, kenako awafunse ngati akulola kujambulidwa ndi kuti ena adzamvere, yankho lawolo lilowe m'foni momwemo. Asapitirire mphindi 45, okalamba amatopa, ndipo akatopa amangovomera zilizonse. Ndi bwino kupitako kawiri kapena katatu, chifukwa zenizeni zimatuluka ulendo wachiwiri, atagona nazo usiku. Ola limodzi la mawu a mp3 limadya malo pafupifupi 60 MB, ndiye memori khadi ya 16 GB ikwana n'kutsala.

Pamafunso ndi pamene ambiri amalakwitsa. Mukafunsa kuti zidachitika chaka chanji, ayankha mongofuna kukusangalatsani. Funsani motere: pa njala ya 1949 munali msinkhu wanji? Pamene dziko linkalandira ufulu mu 1964 munali mutakwatiwa? Amalume anu adapita ku Wenela, kumigodi ya ku South Africa, ndege yonyamula antchito a kumigodi isanagwe ku Francistown mu 1974, kapena adabwerako nthawi imeneyo? Pa referendamu ya 1993 sukulu ija inali itamangidwa? Chaka mudzachipeza nokha powerengera. Anthu awiri akasiyana pa nkhani imodzi, musawakhazike pamodzi kuti agwirizane. Wamng'ono adzangogonjera wamkulu. Sungani zonse ziwiri, chilichonse ndi dzina la mwini wake. Za kudambwe ndi za kutsimba zisiyeni. Gule Wamkulu adavomerezedwa ndi UNESCO mu 2005, koma zimenezo sizidatsegule dambwe, ndipo mnyamata wofunsa mosasamala angakulipiritseni mbuzi.

Ena mbiri adaisunga m'sutikesi: ziphaso za msonkho, makadi a ubatizo, makalata ochokera kumigodi, zithunzi zaukwati. Musawalande. Zijambuleni ndi foni pamthunzi, popanda flash, kumaso ndi kumbuyo, n'kuzibweza tsiku lomwelo. Chonde musazimate pulasitiki ija ya lamineshoni, chifukwa kutentha ndi guluu wake zimawononga pepala ndipo sizimatukanso. Selotepi nayo imasiya chikasu. Mayina a anthu a pachithunzi alembedwe kumbuyo ndi pensulo, inki ya bolopeni imadutsa. Zikatero ziikidwe mu envulopu, m'bokosi lachitsulo lokhazika pa njerwa, lisagunde khoma, kuopa chinyontho ndi chiswe.

Zojambulidwazo zikhale malo atatu: kwa banja la wolankhulayo, kusukulu ya pulayimale, ndi kwa inu kumeneko. Potumiza zithunzi pa WhatsApp azitumize ngati document, apo ayi zimafika zitachepetsedwa, zilembo zing'onozing'ono osawerengeka. Ntchito ikakula mudzalembere a National Archives ku Zomba kapena a Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre, muwafunse ngati angasunge kope. Achinyamata amene adzagwire ntchitoyi, mukapeza ya thiransipoti, muwatumize ku Mua akaone Chamare Museum ya Kungoni Centre (Kungoniyo adaiyambitsa ndi Bambo Claude Boucher mu 1976), aone mmene ena adasanjira mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao.

Tsono mwambo weniweniwo. Uchitikire pabwalo la amfumu, masana, usapitirire maola awiri. Oyenda movutika akatengedwe pa njinga kapena pa ngolo. Aliyense aitanidwe ndi chiwongo chake, aNaphiri, aNabanda, aMwale, kenako mphindi ziwiri kapena zitatu za mawu ake zimveke pa sipika, zidzukulu zikumvera. Pamenepo ndi pamene nkhalamba imagwetsa msozi, osati pa satifiketi. Mphatso zikhale zofanana ndendende: bulangete, chitenje kapena jekete, ndi chithunzi chawo chotsukidwa chili m'felemu. Musaike woyamba ndi wachiwiri, si mpikisano wa kwaya. Ndalama musapereke pagulu, chifukwa usiku womwewo adzukulu adzakhala atazungulira khomo, ndipo amene sadasankhidwe adzati munagula nkhani. Andale musawapatse maikolofoni.

Pa ndalama mwasonkhazo, ine ndikadaika theka ku ntchito yojambula, kutchaja mafoni ndi kutsukitsa zithunzi, theka linalo ku mphatso ndi chakudya. Mundiuze ngati anzanuwo avomera, kuti amfumu adziwitsidwe mwezi uno. Awiri mwa agogo amene mudatchula aja akudwaladwala, ndiye tiyambire kwa iwowo.

Moni kwa onse kumeneko.

Ndine mnzanu wa kumudzi.