Lipoti kwa amayi a Chigwirizano: zotupa za magazi pakhungu ndi m'kamwa

Amayi a mpando, mayi busa ndi amayi anzanga nonse a ku Mufakose kuno ku Harare, zikomo pondituma kumsonkhano wa zaumoyo. Kumsonkhano kunali anamwino, azamba ndi ife ochokera m'mipingo ya m'malokeshoni. Za katemera ndi kadyedwe ka ana ndidzafotokoza pakamwa Lachinayi. Muno ndalemba za zotupa zokha, chifukwa ndi pamene ndaona kuti m'makomo mwathu timachedwa pofunika changu, n'kumathamanga pofunika kudikira.

Dokotala wa ana anayamba ndi chotupa chotchedwa hemangioma. Mwana amabadwa khungu lili see, kapena ali ndi kadontho kosaoneka bwino. Pakapita masabata ochepa kadontho kaja kamatukumuka n'kufiira, ndipo pakhungu lakuda ngati lathuli kamaoneka ngati bulosi lakupsa. Chikakhala mkati mwa mnofu chimangotupa, pamwamba pali mtundu wobiriwira modera. Ndi timitsempha ta magazi tomwe tachulukana pamalo amodzi. Si khansa, ndipo sichipatsirana. Mwa ana 100, ana 4 kapena 5 amakhala nacho, makamaka atsikana, mapasa ndi obadwa masiku asanakwane kapena ochepa sikelo. Zambiri zimamera kumutu ndi m'khosi.

Agogo ena a ku Mabvuku anafunsa ngati si tsempho, kapena chakudya chimene mayi anadya ali woyembekezera. Anthu anaseka, koma ine sindinaseke, pakuti apongozi angati pakati pathu anenapo mawu omwewo kwa mtsikana amene wangochira kumene? Yankho linali lakuti palibe chimene mayi kapena bambo analakwa.

Nkhani yagona pa nthawi. Chotupachi chimakula mothamanga m'miyezi isanu yoyambirira, kenako chimaima, ndipo mwana akamakwanitsa chaka chimayamba kuphwa chokha pang'onopang'ono kwa zaka zingapo. Choncho chaching'ono cha pamsana kapena pamimba nthawi zambiri amangochiyang'anira. Koma chikakhala pachikope chimatha kutseka diso, ndipo diso la khanda likatsekeka siliphunzira kuona. Cha pansonga ya mphuno kapena pamlomo chimasiya chilema. Cha pachibwano ndi m'khosi nthawi zina chimakhala ndi chinzake m'njira ya mpweya, ndiye mwana akayamba kupuma molira, musadikire kuti kuche. Cha muthewera chimachita chilonda chowawa kwambiri. Zikakhala zisanu kapena kuposa, amaunika chiwindi. Ana oterewa aonedwe akadali ndi mwezi umodzi kapena iwiri, osati kudikira kuti tione mmene chithere.

Mankhwala ake alipo, ndipo ambirife timawadziwa: propranolol, omwe akuluakulu amamwa pa vuto la mtima ndi BP. Madokotala a ku Bordeaux ku France ndiwo analengeza mu 2008 kuti amaphwetsa zotupazi, atazindikira pa khanda limene ankalipatsa mankhwalawa chifukwa cha mtima. Chonde, wina asamve izi n'kukabenthula piritsi la agogo. Mlingo wake umatsata kulemera kwa mwana, amamupima mtima kaye, ndipo amamwa atayamwa chifukwa amatsitsa shuga. Tsiku limene mwana akusanza kapena akukana bere amayamba waleka. Mwana wa mphumu samupatsa mwachisawawa. Kachotupa kopyapyala nthawi zina amangodonthezapo mankhwala ena otchedwa timolol.

Chibadwa chosalala chofiirira chimene mwana amabadwa nacho kale, kawirikawiri mbali imodzi ya nkhope, ndi china. Icho sichichoka, chimakula pamodzi ndi mwini wake. Chikafika pachipumi ndi pachikope, mwana apimidwe maso ndipo ayang'aniridwe za khunyu. Dokotala anatchula makina owalitsa kuwala kwamphamvu otchedwa laser kuti amachizimitsako, koma za mtengo wake anangodutsapo, ndipo pamenepo msonkhano sunandikhutitse.

Kwa amayi oyembekezera kuli kachotupa ka m'usinini, pyogenic granuloma, kofewa, kofiira, kotuluka magazi ukangokhudza ndi mswachi. Kamabwera chifukwa cha kusintha kwa m'thupi pa nthawi ya pakati, ndipo kawirikawiri kamaphwa mayi akachira. Kamameranso pachala kapena pamlomo wa aliyense, nthawi zina pomwe panalasa minga. Kakayamba kukha magazi, dinikizani ndi nsalu yoyera kwa mphindi 10 osasuzumira, kenako kuchipatala, komwe amakapala n'kuwotcha tsinde lake. Kukamanga ndi ulusi monga timachitira njerewere, kutemapo mphini kapena kupaka phulusa kumangoonjezera magazi ndi mafinya. Timadontho tofiira tomwe timatuluka pachifuwa munthu akadutsa zaka 30 tilibe vuto, tisiyeni.

Dokotala wa khungu anaumirira chinthu chimodzi, ndipo ndikugwirizana naye. Kuno ku Zimbabwe khansa ya Kaposi sarcoma ndi yofala, makamaka kwa amene chitetezo chatsika ndi HIV, ndipo poyamba imafanana ndi zotupa zosaopsazi: mawanga akuda kapena ofiirira m'miyendo, kumwamba kwa m'kamwa kapena m'usinini. Wamkulu akatuluka banga lotere lachilendo, ife tisakhale omuuza kuti ndi chibadwa chabe. Apite kuchipatala akamudule kanyama kokayeza, ayezetsenso magazi. Ikapezeka msanga, ma ARV ndi mankhwala a khansa amathandiza.

Njira yake ndi ija timaidziwa: kuyambira ku kiliniki ya khonsolo, kutenga kalata yopita ku chipatala chachikulu cha Sally Mugabe, kuja pa Gomo, kapena cha Parirenyatwa. Anatilangiza kuti mayi azijambula chotupa pafoni sabata iliyonse, ataika kobiri pambali, kuti namwino aone yekha mmene chikukulira.

Ndikupempha kuti Lachinayi tigwirizane zinthu ziwiri. Amayi amene amakaona makanda atsopano azifunsa mwaulemu ngati mwana ali ndi kadontho, makamaka kumaso ndi muthewera. Komanso thumba lathu la odwala lizithandiza ndalama ya kombi kwa mayi amene wapatsidwa kalata ya kuchipatala chachikulu. Timapepala tazithunzi timene anatigawira ndi ta Chishona ndi Chingerezi, ndiye pakufunika awiri ondithandiza kuwerengera agogo athu m'Chichewa. Ndalama yotsala paulendo ndapereka kwa amayi a msungichuma.