Loweruka lino tipanga penti wa mkaka

Mamembala nonse, Loweruka lino tikumana pamalo athu a nthawi zonse kuyambira 9 koloko m'mawa kuti tiphunzire kupanga penti wa casein. Mukudziwa mmene penti wa acrylic wakwerera mtengo, ndipo akasowa kuno ku Mzuzu timachita kuitanitsa ku Lilongwe, zithunzi zili theka.

Casein amachokera mu mkaka. Timathira viniga mu mkaka wochotsa mafuta mpaka ugwirane ngati chambiko, n'kusefa pansalu. Zotsala pansaluzo timazitsuka ndi madzi, kenako kusakaniza ndi laimu pang'ono mpaka zimate. M'menemo ndi mothira mtundu: katondo wosefa bwino, makala opera, kapena oxide (ufa wa mtundu) wa kuhadiweya. Pentiyu amauma msanga ndipo sanyezimira. Mtundu umakhala wofatsa, wakuya. Ine ndimaukonda kwambiri pojambula nkhungu ya kumapiri a Viphya, imene acrylic amaiwalitsa mopitirira.

Koma ali ndi malamulo ake. Mukapaka mochindikala pa kanivasi amang'aluka, choncho amafuna thabwa kapena hardboard. Komanso sasungika, timangopanga wokwanira tsiku limenelo. Maburashi atsukidwe asanaume.

Aliyense abwere ndi lita imodzi ya mkaka, kathabwa, maburashi akale ndi magolovesi, poti laimu amawotcha khungu. Amene muli ndi katondo wabwino kumudzi kwanu, chonde tengeraniko anzanu. Mutidziwitse pofika Lachinayi ngati mubwere, kuti tigule viniga ndi laimu wokwanira.