Lipoti la msonkhano wa inshuwalansi kwa eni makampani a alonda

A wapampando, amayi ndi abambo a gulu lathu la eni makampani ang'onoang'ono a alonda muno mu Mzuzu,

Munandituma kumsonkhano umene a inshuwalansi anaitanira amabizinesi m'tauni muno, ndipo munandisenzetsa funso limodzi: popeza thumba silingakwanitse zonse, kodi tiyambire pati? Yankho ndabwera nalo, ngakhale ena silikukomerani. Tiyambire pa mlonda. Katundu wa kasitomala abwere pambuyo.

Chifukwa chake ndi lamulo. Workers' Compensation Act ya mu 2000 imati wantchito akavulala kapena kumwalira ali pantchito, chipukuta misozi chili pamutu pa womulemba ntchito. Taganizirani mnyamata wanu amene mwamuika pa weyahausi ku Luwinga, m'manja ali ndi tochi, wenzulo ndi chibonga basi. Mbava zabwera ndi zikwanje, zamutema pamkono, mwathamangira naye kuchipatala cha Mzuzu Central. Nkhani ikafika ku ofesi ya Leba, safunsa mwini weyahausi uja. Amafunsa inu amene munamuveka yunifolomu. Inshuwalansi ya ogwira ntchito ndiyo imasenza mtolo umenewu, ndipo mtengo wake amauwerengera pa malipiro onse amene mumapereka pachaka. Apa ndi pomwe ambiri timadzitchera tokha msampha. Tikalembetsa alonda ochepa kuti tilipire zochepa, tsiku la ngozi mudzapeza kuti wavulalayo ndi yemwe uja sali pamndandanda. A inshuwalansi anatsindikanso za alonda ogwirizira, aja timawaitana mnzawo akapita kumaliro. Ameneyo akangoima pageti m'dzina la kampani yanu, ndi wanu.

Za penshoni sindichulukitsa, mukuzidziwa. Lamulo linayamba kugwira ntchito mu 2011 ndipo linakonzedwanso mu 2023: bwana aika 10 peresenti, wantchito 5 peresenti. Chomwe ambiri timachilumpha n'chakuti lamulo lomwelo limafunanso inshuwalansi ya moyo wa wantchito, yosachepera malipiro ake a chaka chimodzi. Galimoto yoyendera alonda usiku ndi njinga yamoto ya supavaiza zifunika inshuwalansi ya third party, yolipira anthu ena amene mwawavulaza kapena kuwaonongera katundu pangozi, monga mwa lamulo la pamsewu. Mungoonetsetsa kuti papepala palembedwa zoti n'zantchito ya kampani, osati zoyendera banja.

Pomwe m'chipindamo munatentha ndi pa nkhani ya katundu wobedwa. Makasitomala athu ambiri amaganiza kuti akalemba mlonda ndiye kuti agula inshuwalansi. Kukabedwa simenti ku Katoto, m'mawa ali pakhomo panu ndi mndandanda wa mitengo. Nafenso, poopa kutaya kontilakiti, timavomera kuti azidula pa invoisi mwezi ndi mwezi mpaka alonda athu kumagona ndi njala. A inshuwalansi ananena mosapsatira kuti katundu wa m'shopu amutetezere mwini wake ndi inshuwalansi yake ya kuba. Yathu ndi ya liability, ndipo imalipira pokhapokha zitaoneka kuti kampani kapena mlonda analekerera: anagona, anachoka pamalo, anasiya geti losakhoma. Ngati mlonda anachita zonse zoyenera koma achifwamba anamumanga zingwe, umenewo si mlandu wanu. Anachenjezanso kuti musamavomere kulakwa kapena kulonjeza kulipira musanawadziwitse, chifukwa mukatero angathe kukana kukulipirirani.

Nanga akaba ndi mlonda yemweyo? Imeneyo ndi ina, amaitcha fidelity guarantee, ndipo ndinafunsa mobwereza chifukwa ili ndi kamchira. Nthawi zambiri imateteza ndalama ndi katundu wa bwana wa wakubayo. Ife alonda athu amagwira ntchito pamalo a anthu ena, choncho muuze broker, mkhalapakati wa inu ndi kampani ya inshuwalansi, alembemo momveka kuti ikufikanso pa katundu wa kasitomala. Adzafuna aone kuti munamufufuza munthuyo musanamulembe: chitupa cha unzika, kalata ya kupolisi, komanso yemwe anamuikira umboni. Kungomutenga chifukwa ndi mlamu wa supavaiza sikudzakuthandizani tsiku limenelo.

Amene muli ndi agalu, funsani ngati public liability yanu, inshuwalansi yolipira anthu ena ovulazidwa chifukwa cha ntchito yanu, ikuwatchula. Galu akaduka tcheni n'kuluma mwana wa neba, kapena mlonda akamenya munthu pomuganizira kuba, si inshuwalansi iliyonse yomwe imalowererapo. Kuona maso a nkhono n'kudekha: werengani tsamba la zomwe salipira musanasainire, ndipo funsani za excess, gawo lomwe mumayamba mwalipira nokha pa vuto lililonse.

China chomwe chinandigwira mtima ndi buku la OB, lija alonda amalembamo zonse zochitika pamalo a ntchito. Ine ndayenderapo malo ena m'nyengo yachisanu ija ya mvula yowaza, n'kupeza bukulo lanyowa m'kanyumba ka mlonda, masamba a sabata yathunthu ali mbee. Komatu tsiku la mlandu umboni wanu ndi lomwelo, pamodzi ndi lipoti la apolisi. Lopanda saini ya supavaiza silikuyankhulirani kanthu.

Kwa inu amene muli nayo kale inshuwalansi, kaoneni malire a ndalama zomwe angalipire. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye malire omwe munagwirizana kale isanagwe lero sangagule katundu yemweyo. Ndipo aliyense wobwera ndi chikwama kudzakugulitsani inshuwalansi, mufunseni chiphaso. Amene amayang'anira makampani a inshuwalansi ndi ma broker ndi Reserve Bank of Malawi, ndipo madandaulo amapitanso komweko.

Maganizo anga ndi akuti vuto lalikulu lili pakati pathu pomwe pano. Timatsitsirana mitengo polimbirana kasitomala mpaka m'mtengo wa mlonda mmodzi mulibenso malo a penshoni kapena inshuwalansi. Ndikupempha kuti pamsonkhano wathu ukubwerawu aliyense abwere ndi mndandanda weniweni wa alonda ake ndi kontilakiti imodzi yomwe anasainirana ndi kasitomala. Tiwerenge limodzi ndime yonena za katundu wobedwa, kenako tipemphe ma broker osachepera awiri atipatse mitengo ngati gulu. A mlembi, chonde iikeni pa ajenda.

Ine nthumwi yanu.