Za kamera ukufuna kugulayo

Mwana wanga,

Kuno ku Bembeke tili bwino, amayi ako akupereka moni. Mlongo wako watiuza kuti watopa ndi kujambula pa foni, ukufuna kamera yeniyeni, ndipo ndalama ukatenga kwa munthu wa katapila. Za kamerazo ndakondwa, diso uli nalo kuyambira kale. Koma za katapilazo zikundisowetsa tulo.

Kamera yoyamba sifunika yodula. Canon 2000D kapena Nikon D3500 yogwirapo kale ntchito, yokhala ndi lenzi ya 18-55mm, ndi yokwanira. Pogula funsa shutter count, udziwe kuti yajambula kangati. Unika mkati mwa lenzi ndi tochi ya foni yako, ukaonamo timizere ngati ukonde wa kangaude, chimenecho ndi chuku, isiye pomwepo. Kenako ika f/16 (nambala ya f ikakula, kabowo kolowera kuwala m'lenzi kamachepa) ujambule thambo. Timadontho takuda tikaoneka pa chithunzi ndiye kuti pa sensa, kachipangizo kolandira kuwala m'kati mwa kamera, pali fumbi. Limachotseka, koma nenerera mtengo utsike. Ndalama yotsala ugulire batire yachiwiri ndi makhadi awiri a 32GB m'sitolo yodalirika, chifukwa otchipa ena ndi achinyengo, amadya zithunzi. Khadi uzichitira format, kufufuta zonse zili momwemo, pa kamera pomwepo, utakopera kaye zithunzi pa kompyuta.

Zithunzi zako zoyamba zidzaipa kuposa za pa foni, usadzadabwe. Foni imajambula kangapo nthawi imodzi n'kuphatikiza, n'kukometsa yokha mitundu. Kamera imadikira iwe. Pamenepo mnzako uja adzati vuto ndi kutchipa kwa kamera, kongolanso ugule yaikulu. Usadzamumvere! Si iwe kodi unalirira gitala chaka chathunthu, n'kuisiya pansi pa bedi mwezi usanathe? Sindikukunyoza ayi, koma ndimakudziwa.

Choka pa Auto, uyambire pa Av ngati ndi Canon, pa A ngati ndi Nikon; pamenepo iwe umasankha nambala ya f, kamera n'kusankha liwiro la shutter. Masana ISO, nambala yomwe umakweza kuwala kukachepa, ikhale 100 kapena 200. Gulu la anthu lijambule pa f/8 kuti akumbuyo asachite mbuu. Munthu mmodzi, kokera lenzi pa 55mm, f/5.6, focus ikhale pa diso. Uziyang'ana shutter, liwiro lomwe kamera imatsegula n'kutseka pojambula, nthawi zonse: pojambula anthu isatsike kupitirira 1/125, ndipo ovina ngoma amafuna 1/500, apo ayi miyendo ndi zishango sizioneka bwino. M'tchalitchi mukada usaope kukweza ISO kufika 1600 ngakhale 3200. ISO yokwera imabweretsa timchenga, koma chithunzi cha timchenga mwiniwake amalandira, chogwedera amabweza.

Diresi loyera padzuwa la Okutobala limanamiza kamera, imachepetsa kuwala, nkhope n'kuda bii. Aimike akwatiwo pamthunzi wa mtengo, kapena yatsa kafulashi ka pamwambako kawalitse nkhope.

Lenzi uzisintha kamera itazimitsidwa, itayang'ana pansi, osati pamsewu pa fumbi. Nthawi ya dzinja uziisunga m'chidebe chotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi. Kuzizira kwathu kuno kwa Juni kumatha batire msanga, yachiwiriyo izikhala m'thumba la malaya. Kophunzirira kulipo, pamsika wa Lizulu mitundu ya tomato ndi kabichi ili mbwee, bola uzipempha kaye usanajambule munthu.

Ndibwerezenso za ngongole. Katapila sadikira kuti uphunzire. Mwezi ukatha adzafuna zake ndi chiwongoladzanja, ndiye iwe udzavomera kujambula ukwati wa eni dzanja lisanakhwime. Ukwati sabwereza, mwana wanga. Ukawononga zithunzi za tsiku limenelo udzabweza ndalama, mbiri idzaipa, kamerayo wakatapila adzalanda, ngongole n'kutsalabe. Yamba wajambula ana a mlongo wako ndi kwaya ya kutchalitchi kwaulere miyezi itatu, kenako uyambe kutchula mtengo.

Usasaine pepala lililonse. Kachewere wakudimba tikumba sabata ino, Loweruka ubwere ndi mitengo ya makamera waonawo tidzawerengere limodzi. Ubwere wekha, mnzakoyo umusiye.

Ndine bambo ako.