Mwana wanga, za mashini osokera aja tikambirane kaye

Mwana wanga,

Mayi ako andiuza kuti ukufuna kutenga ngongole ku banki mkhonde ugule mashini awiri, uzisoka madilesi ndi malaya ambirimbiri ofanana uzikagulitsa mu msika wa Limbe. Zosokazo sindikukuletsa, ntchito ya manja siigonetsa munthu ndi njala, koma izi zosoka zambiri zofanana ndiye ayi, ndipo undimvere kaye usanakwiye.

Pa nkhani ya nsalu makina anayamba kalekale kulanda anthu ntchito. Livingstone atafika ku chigwa cha Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, kupota ulusi ndi kuwomba nsalu pamudzi pomwepo, nsalu yolimba ndithu koma yochedwa kwabasi. Itayamba kubwera nsalu yotchipa ya kufakitale ndani akanakhalanso pansi masiku onsewo kuwomba? Luso lija linazilala choncho. Ndipo Livingstone yemweyo kwawo ku Blantyre wa ku Scotland, komwe kunachokera dzina la mzinda wathu uno, analowa mu fakitale ya thonje ali ndi zaka 10 zokha, ntchito yake kulumikiza ulusi ukaduka pa makina, kuyamba 6 koloko mmawa mpaka 8 koloko usiku, akaweruka apo ndiye kumapita kusukulu. Zinafika poti boma la Britain linachita kuika lamulo mu 1833 loletsa ana osakwana zaka 9 kugwira mmafakitale a nsalu. Zoona nsalu inatsika mtengo, wosauka nayenso anayamba kukhala ndi chosintha, chimenecho sinditsutsa, koma ntchito inachoka pakhomo kupita kufakitale ndipo munthu amene ankadzuka ndi dzuwa anayamba kudzutsidwa ndi belu la bwana.

Ife zinatipeza mochedwa. Fakitale ya nsalu ya David Whitehead inatsegulidwa mu 1967, ku Makata kuja, thonje likuchokera ku Chikwawa, Balaka, Salima, ndipo mmawa mwa mbandakucha umaona chigulu cha azibambo akutsika ku Ndirande wapansi kuthamangira shifiti, ena akubwerera maso ali psuu agwira usiku wonse. Zitenje zambiri za amayi nthawi imeneyo zinkachokera pomwepo. Kenako kunadzabwera kaunjika ndi zitenje zotchipa zakunja, zinthu zinathina, mpaka mu 2003 fakitale ija inagulitsidwa kwa a kampani ya Mapeto. Ndiye tandiuza, ngati fakitale yonse ija inamva kutentha ndi belo la kaunjika, iwe ndi mashini ako awiri upikisana nalo bwanji? Malaya ako uwerengere nsalu, ulusi, mabatani, lendi, pomwe mnzako wangodula belo apo akukuwa mtengo woti iwe sungagulire ndi nsalu yomwe.

Chimene belo silingathe ndi kuyeza munthu. Telala wa pakhonde uja, tepi ili pakhosi choko mmanja, sanafe mpaka lero chifukwa buluku la pa kaunjika limafuna kuchepetsa mchiuno, zipi imafa, mwana wa sukulu akufuna yunifomu ya msinkhu wake, amayi a Mvano, a kwaya, a pa chinkhoswe onse akufuna kuvala zofanana koma matupi awo ndi osiyana. Ndalama yako ili pamenepo. Nsalu kasitomala azibwera nayo yekha, ndipo usadule kanthu asanapereke dipoziti, ngakhale akhale wachibale, makamaka wachibale. Ukalonjeza Lachisanu likhale Lachisanu, atelala ambiri chimawagwetsa ndi bodza osati kusoka.

Uyambe ndi mashini amodzi, opalasa ndi phazi, magetsi akazima iwe uzingosokabe. Singer ya mayi ako ija ikadali kuchipinda, yangofuna lamba ndi mafuta basi. Ngongoleyo usasaine kaye, ubwere Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi udzaione Singer ija, ubweretsenso kope lako lija tidzawerengetsere limodzi.

Ndine bambo ako.