Ukwati wogula ku Joni ndi msampha

Akonzi,

Tikulemba chifukwa cha achinyamata a kuno ku Dedza amene amatuluka pachipata cha Dedza ndi Calomue kupita ku Joni. Masiku 30 a pa pasipoti akatha, anzawo amawanong'oneza kuti mankhwala ake ndi kugula ukwati kwa mzika ya ku South Africa. Akunamizidwa, ndipo zikutiwawa.

Lamulo la kumeneko, Immigration Act ya 2002, pa ndime 26 limati chilolezo chokhala m'dzikomo mokhazikika chimaperekedwa kwa amene wakhala m'banja ndi mzika kwa zaka 5. Banjalo likatha pasanathe zaka 2 chilandirireni chilolezocho, chimafa chokha, pokhapokha ngati mnzanuyo wamwalira. Ndiye kuti kwa zaka 7 zathunthu muli m'manja mwa munthu amene munangomulipira marandi. Adzapempha zina, mawa zinanso, ndipo mwezi umene mwakanika kupereka akhoza kukakunenezani ku Home Affairs, unduna woona za maukwati ndi za olowa ndi kutuluka m'dzikomo.

A Home Affairs akakayika, amakufunsani payekhapayekha. Apongozi anu dzina lawo ndani? Lendi amalipira ndani, ndipo ndi zingati? Mayankho akasemphana, chilolezo chimalandidwa, ndipo ambiri amakathera ku Lindela, malo osungirako anthu opanda mapepala ku Krugersdorp, kudikira kubwezedwa kumudzi ndi kachikwama kamodzi. Kunamiza boma pofuna mapepala ndi mlandunso woti munthu akhoza kukaseweza kundende.

Chimene ogulitsa ukwati sanena ndi chakuti chilolezo chikapita, ukwatiwo umatsala m'kaundula mpaka khoti litauthetsa. Komanso kumeneko, ngati simunalembe pangano lapadera musanakwatirane, katundu amakhala wa nonse awiri. Galimoto ndi ndalama za kubanki, theka ndi la mzika imene munailipira ija. Mwamuna akamwalira, mayi weniweni amene anamusiya ku Linthipe kapena ku Mayani ndi ana atatu, yemwe ankhoswe akumudziwa, amayamba kulimbana ndi munthu wa pepala amene sanamuonepo.

Tisaiwale kuti ena anakwatirana zenizeni koma amakayikiridwa, kaya chifukwa chosiyana zaka kaya chifukwa ntchito inawalekanitsa mizinda. Amenewa asunge umboni kuyambira tsiku loyamba: setifiketi ya ukwati, kalata ya lendi yokhala ndi mayina onse awiri, zikalata za kubadwa kwa ana, mapepala a kubanki, zithunzi za pa chinkhoswe ndi pa zochitika za pabanja. Kalata yolanda chilolezo ikabwera, muli ndi ufulu wouzidwa zifukwa zake polemba, ndipo ndime 8 ya lamulo lomwelo imapereka masiku 10 okha ogwira ntchito kuti muchite apilo. Ambiri amagwa pomwepa, pothera masikuwo kwa madobadoba m'malo mopita kwa loya.

Makolo ndi ankhoswe, mwana akaimba foni kuti mumutumizire kalata yosonyeza kuti sali pabanja pomwe mkazi wake ali pakhomo panupo, mukaneni.

Alangizi a zamalamulo m'midzi,
Dedza