Usananyamuke kupita ku Tete, mwana wanga

Mwana wanga,

Lamulungu lija mutabwera kudzandiuza za ntchito imene akamwini aipeza ku Moatize, pafupi ndi mzinda wa Tete ku Mozambique, ndinangoti Ambuye alemekezeke, koma mumtima munatsala zambiri. Pamaso pa akamwini sindikanatha kukhuthula zonse, nchifukwa chake ndakulembera.

Ku Tete ndimakudziwa chifukwa cha basi. Chaka ndi chaka popita kumudzi timadzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda, nkuwoloka Zambezi mpaka pa Zobue kulowa ku Mwanza. Tikaima ku Tete, madzi a m'botolo amakhala atafunda ngati oti uthiremo masamba a tiyi. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40. Iwe wakulira m'chisanu cha kuno ku Joni kumene kulibe malungo, ndiye thupi lako silikuwadziwa. Muzigona m'neti usiku uliwonse. Ukamva mutu ndi kuphwanya m'thupi usadalire Panado, kayezetse magazi tsiku lomwelo.

Koma chandisowetsa tulo ndi mapepala ako. Kontirakiti ndi ya akamwini, chilolezo chogwirira ntchito chili m'dzina lawo. Nanga iwe ukukalowa ngati ndani? Ku Mozambique mlendo wokhazikika amakhala ndi chiphaso chotchedwa DIRE. Akamwini afunse kukampaniko, musananyamuke, ngati nawenso akukonzera chako, ndipo yankho libwere lolemba. Zapakamwa zimauluka. Afunsenso ngati malipiro adzakhala mu randi, dola kapena metical, amene azilipira nyumba ndi chipatala ndani, komanso ngati tikiti yobwerera ilipo ya anthu awiri.

Pasipoti yako uzisunga wekha. Ndinenso kachiwiri, wekha. Nditangofika kuno, mayi amene ndinkawagwirira ntchito ya m'nyumba anati andisungire yanga kuti isatayike. Ndinaiona ikulowa m'dirowa ya kuchipinda kwawo, kiyi nkuponyedwa m'chikwama. Tsiku limene uthenga unandipeza kuti agogo ako aamuna atisiya ku Ntcheu, iwo anali kutchuthi ku Durban. Ndinakhala pakhomo la chipindacho ndikulira, bambo anga akuikidwa m'manda ine kulibe. Mpaka lero ndikakumbuka, nsima imandikanika kumeza. Jambulani mapepala onse, ena mundisiyire kuno.

China nchakusungulumwa. Akamwini azilawira kumgodi wa malasha nkubwera kutada, atatopa, iwe utatsala ndi makoma. Banja limayamba kugwedera pamenepo, mmodzi akakhala ndi nkhani zofotokoza pamene mnzake alibe. Usakadzitsekere m'nyumba ndi foni. Yamba pano kuphunzira Chipwitikizi, ngakhale moni ndi mitengo ya zinthu. Mwayi wako ngwakuti Chinyungwe cha ku Tete ndi chibale ndi Chichewa chathu, ukatchera khutu kumsika uzimva ndithu, ndipo ku Ulongwe m'boma la Angónia amayankhula ngati kwathu komwe. Ukapeze mpingo sabata yoyambirira. Za ndalama muzikhala pansi awiri mwezi uliwonse, ugwirizane ndi amuna ako zotumiza kwawo ndi zosunga, achibale asanayambe kuimba mafoni.

Ndikupemphenso, usakayende ngati munthu wochokera ku Joni amene wapita kwa osauka. Magetsi akathima kapena madzi akasiya, usamati kwathu sizichitika, anthu amamva kuwawa. Ndili mtsikana, anthu a ku Mozambique ankathawira kwathu nkhondo ija inatha mu 1992, ndipo amayi anga ankagawana nawo ufa ndi nkhwani. Iwenso sunaiwale Meyi 2008, ku Alexandra kuno ku Joni anthu atayamba kuukira alendo ochokera m'mayiko ena, pamene mayi wachizulu woyandikana nafe anatibisa m'nyumba mwake masiku atatu. Anatero chifukwa tinkapatsana mchere ndipo pamaliro a kwawo ndinkaphika nawo. Ukakapeza mtsikana wokuthandiza ntchito, uzimulipira tsiku lake, uzidya naye, ukumbukire ntchito imene inakuphunzitsa sukulu.

Ubwere Loweruka wekha udzatenge maneti awiri amene ndagula ndi zitenje zopepuka za m'nyengo yotentha. Mu Disembala ndikamapita kumudzi ndidzatsikira ku Tete, ndidzagone kwanu masiku awiri ndione ndi maso anga pamene mukukhala. Undiperekere moni kwa akamwini.

Ndine mayi ako.